Chotupa Chokumbitsa Ngalande

Nkhani yokambidwa kwa abambo ndi amayi a ku Namwera pa za khansa ya prostate

Ndiyambe n'kupepesa kuti ndiyankhula m'Chichewa. Chiyao changa n'chogulira tomato pamsika, ndipo nditati ndifotokozere nacho za m'thupi la munthu, mungabwerere kunyumba nthiti zikupweteka ndi kuseka musanatolepo kanthu. Ndipepesenso kwa akuluakulu, chifukwa lero nditchula ziwalo zimene pa mwambo wathu sizitchulidwa pabwalo, makamaka apongozi ali pomwepo. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ambiri a ife tafika pa msinkhu woti m'mimbamo mwayamba kumveka.

Pokwera phiri la Chowe kubwera kuno ndimayang'ana madimba m'mbali mwa timitsinje. Nonse mukudziwa kuti munthu wothirira ndi kheni salima kutali ndi madzi. Amalima mabedi ochepa pafupi ndi khwawa, kumene miyendo yake ingafike ndi kubwerako dzuwa lisanamuwotche. Akafuna dimba lalikulu, alibe kuchitira mwina koma kukumba ngalande kuti madziwo azidzipitira okha. Sungani dimba limeneli m'maganizo, chifukwa chotupa cha khansa chimakumana ndi vuto lomwelo. Kusiyana kwake n'kwakuti chotupa chilibe khasu. Chimatuma thupi lanu lomwe kuti lichikumbire.

Prostate ndi kachiwalo ka amuna okha. Kamakhala kunsi kwenikweni kwa chikhodzodzo, kukula kwake ngati suku limodzi lalikulu, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake monga ulusi udutsira mu mkanda. Kumbuyo kwake kuli njira ya chimbudzi, n'chifukwa chake dokotala amatha kukakhudza ndi chala. Ntchito yake ndi kupanga ena mwa madzi a umuna. Mwamuna akamakula, kachiwalo kameneka kamakulanso, n'kuyamba kupana njira ya mkodzo. Ndiye mumva bambo akudzuka kanayi kasanu usiku umodzi, mkodzo ukutuluka modontha ngati mpopi wopanda mphamvu. Nthawi zambiri kumeneko si khansa, ndi kukula chabe kwa ukalamba, kumene kumachitika chapakati, pafupi ndi njira ya mkodzo. Khansa yokha imakonda kuyambira cha m'mphepete, kumbuyo, kutali ndi njirayo. Choncho ikhoza kukhalapo zaka zambiri mwini wake akukodza bwinobwino ngati mnyamata.

Pali chinthu china chimene chinadabwitsa madokotala m'mayiko ambiri. Poyeza matupi a amuna okalamba amene anamwalira ndi zina, monga ngozi kapena mtima, ankapeza timadontho ta khansa m'prostate mwa ambiri a iwo. Mwa amene anapitirira zaka 80, oposa theka anali nato. Anthu amenewa anakalamba, anaona adzukulu, osadziwa kuti ali ndi khansa, ndipo khansayo sinawachite kanthu. Funso ndi lakuti, n'chifukwa chiyani mwa wina kadontho kamagona tulo mpaka kumanda, pomwe mwa mnzake kamadzuka n'kukafika ku msana? Yankho lake lili ndi mbali zingapo, koma mbali imene ndabwera nayo lero ndi ya magazi.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, dokotala wina wachinyamata wa ku America, Judah Folkman, ankagwira ntchito m'labotale ya asilikali a pamadzi. Iye ndi mnzake ankadzala maselo a khansa pa chiwalo cha nyama chimene anachichotsa m'thupi n'kumachisunga chamoyo m'galasi. Timatupa tinkamera ndithu, koma tonse tinkaima pa msinkhu umodzi, milimita imodzi kapena ziwiri, ngati njere ya mawere. Akatenga kachotupa komweko n'kukaika m'thupi la mbewa yamoyo, kankakula mofulumira. Atayang'ana bwino anaona kuti m'galasi muja mitsempha ya magazi sinkalowa m'kachotupako, pomwe m'mbewa inkalowa yambirimbiri. Mu 1971, ali ku Boston, analemba kuti chotupa sichingakule kupitirira pamenepo chisanapeze mitsempha yatsopano, kuti chimatulutsa chinthu china choitanira mitsemphayo, ndiponso kuti munthu atatseka kuitanako, chotupa chingakhale chogona.

Anzake ambiri anamuseka. Madokotala a opaleshoni ankadziwa kale kuti zotupa zimakha magazi kwambiri zikadulidwa, koma ankati ndi mitsempha yakale yomwe yangotupa. Folkman ndi ophunzira ake anapita ku diso la kalulu. Kagalasi koyera ka kutsogolo kwa diso kalibe mitsempha ya magazi ngakhale umodzi. Akaikamo kachidutswa ka chotupa, patapita masiku ankaona timitsempha tatsopano tikuchokera m'mphepete mwa diso, tikulunjika kumene kuli kachidutswako. Timitsemphato tisanafike, kachotupa kankangokhala. Titangofika, kankafufuma ngati mtanda wa mandasi. Apa panalibenso kukana kuti pali uthenga umene ukuyenda kuchokera ku chotupa kupita ku mitsempha.

N'chifukwa chiyani malire ake ali njere ya mawere? Selo lililonse m'thupi limapuma ndipo limadya. Mpweya wa okosijeni umatuluka m'kamtsempha n'kuyenda wokha kudutsa m'minofu, koma sufika patali: gawo limodzi kapena awiri mwa magawo khumi a milimita, basi. Ndiko kuthirira kwa kheni kuja. Maselo a khansa akachulukana n'kuunjikana, a m'kati mwa muluwo amakhala kutali ndi madzi. Amabanika, ena amafa. Obadwa ndi akufa amalingana, ndipo chotupa chimaima.

Tsopano tamverani mmene selo lobanika limadandaulira, ndipo mafumu muli pano mumvetsa msanga. M'selo lililonse muli puloteni ina yotchedwa HIF. Ndikati puloteni, musaganize za nyemba ndi usipa zokha. M'thupi mapuloteni ndiwo antchito: ena ndi njerwa, ena ndi lumo, ena ndi amithenga. HIF ili ngati kalata ya dandaulo imene selo limalemba kosalekeza, usana ndi usiku, yopita kwa mfumu ya m'kati mwa selolo. Mpweya ukakhalapo wokwanira, kalatayo imang'ambidwa pa mphindi zochepa isanafike kubwalo. Mpweya ukachepa, wong'amba uja amalephera ntchito, makalata amaunjikana, amafika kwa mfumu, ndipo mfumu imalamula kuti atumizidwe amithenga kunja kukapempha ngalande. Anthu atatu amene anafukula dongosolo limeneli, Gregg Semenza, Peter Ratcliffe ndi William Kaelin, analandira mphoto ya Nobel mu 2019.

Mthenga wamkulu ndi puloteni yotchedwa VEGF. Magulu awiri osiyana anaipeza kuchokera mbali ziwiri. Mu 1983, Harold Dvorak ndi Donald Senger anapeza chinthu chotuluka m'zotupa chimene chimachititsa mitsempha kuchucha madzi. Mu 1989, Napoleone Ferrara anapeza chinthu chimene chimachititsa maselo a m'kati mwa mitsempha kuswana. Pambuyo pake kunadziwika kuti ndi chinthu chimodzi. VEGF ikatuluka m'chotupa imasefukira m'minofu mpaka kukafika pa kamtsempha kamene kali pafupi. Maselo oyala m'kati mwa kamtsemphako ali ndi timakutu tomvera mthenga ameneyu yekha. Mwa munthu wamkulu maselo amenewa ndi aulesi, amatha miyezi ngakhale zaka osaswana. Akangomva VEGF amadzambatuka.

Choyamba chimafunika kuboola. Kamtsempha kalikonse n'kokutidwa ndi kansalu kolimba, ndipo kunja kwake kuli minofu yolukanalukana. Apa pamabwera mapuloteni ena, otchedwa MMP, amene ntchito yawo ndi ya lumo: amadula kansaluko ndi kulambula njira. Podula paja amamasulanso amithenga ena amene anali atakodwa m'minofumo, ndiye phokoso loitana limakula. Kenako selo limodzi limatsogola, likutambasula timanja take kununkhiza kumene VEGF yachuluka, anzake akuswana pambuyo pake n'kumalondola, monga mzere wa linthumbu. Mzerewo umasanduka kapaipi, timapaipi tiwiri timakumana n'kulumikizana, magazi amayamba kuyenda. Dimba lapeza ngalande.

Ndikufuna mumvetse kuti palibe chachilendo chimene chotupa chapanga apa. Njira yomweyi ndi imene thupi limagwiritsa ntchito mukadzitema ndi chikwanje. Kanyama kofiira kamene kamamera pa bala likamapola ndi timitsempha tatsopano. Ndi njira yomweyinso imene chiberekero cha mayi chimakonzekera mwezi ndi mwezi, ndi imene mwana amamerera m'mimba. Thupi likamva kuitana kumeneku silifunsa kuti woitana ndani. Kusiyana n'kwakuti bala likapola limasiya kuitana, ndipo thupi lili ndi mapuloteni ake oletsa, monga thrombospondin, amene amati kwakwana. Chotupa sichisiya, ndipo nthawi zambiri chimazimitsa oletsawo. Dvorak uja anachifanizira ndi bala losapola, ndipo ine sindinapeze fanizo loposa limenelo. Chimafika mpaka poitana asilikali a m'thupi, maselo amene ntchito yawo ndi kulusira adani, n'kuwasandutsa aganyu ake, nawonso n'kumatulutsa VEGF.

Ngalande zokumbidwa mothamanga chonchi sizikhala zabwino. Mitsempha ya m'chotupa imakhala yokhotakhota, pena yotakata pena yopanikizika, ina yothera panjira. Maselo amene amayenera kuimata kunja amakhala ochepa, ndiye imachucha. Magazi amayenda modukizadukiza, mbali zina za chotupa zimakhalabe zobanika, zimapitiriza kulemba makalata aja, ndipo kukumba sikutha. Zimenezi zimavutitsa ochiritsa. Mankhwala oyenda m'magazi safika bwino pakati pa chotupa, ndipo maselo obanika samva msanga mphamvu ya makina owotcha khansa, chifukwa mphamvuyo imapha bwino pamene pali okosijeni.

Ife a ku Malawi tinaiona nkhani imeneyi ndi maso, ngakhale sitinkaitchula choncho. Amene munasamalira odwala m'zaka zimene Edzi inavuta, ma ARV asanafike m'zipatala zathu, mukukumbuka zotupa zakuda zofiirira za pa miyendo ndi m'kamwa, miyendo itatupa n'kuuma ngati mtengo. Imeneyo ndi khansa ya Kaposi, yomwe mpaka lero ili m'gulu la khansa zofala kwambiri mwa amuna m'dziko muno. Mtundu wake uja ndi wa magazi, chifukwa chotupacho n'chodzaza ndi timitsempha tochucha. Chimene chimaoneka pakhungu pa Kaposi ndi chimene chimachitika mobisika m'kati mwa prostate, kungoti mwa prostate chimachitika pang'onopang'ono.

Nanga pa prostate penipeni tikudziwa chiyani? Mu 1993, Noel Weidner pamodzi ndi Folkman ndi anzawo anawerenga timitsempha m'zidutswa za khansa ya prostate pa makina oonera zinthu zing'onozing'ono. Anapeza kuti zotupa za amuna amene khansa yawo inali itafalikira zinali ndi timitsempha tochuluka kuposa za amene inali isanafalikire. Maselo a khansa ya prostate amatulutsa VEGF, koma satulutsa yokhayo. Amatulutsanso FGF, IL-8 ndi ena angapo, aliyense wotha kuitana mitsempha mwa njira yake. Mfundo imeneyi muisunge, tiipezanso kutsogoloku.

Chinthu chimene chimasiyanitsa prostate ndi ziwalo zina ndi chakuti imadalira mphamvu yachimuna, homoni yotchedwa testosterone, imene imapangidwa m'machende. Pepani akuluakulu, ndatchula. Testosterone imauza maselo a prostate kuti akule, ndipo imawauzanso kuti atulutse VEGF. Ofufuza anaona pa makoswe kuti akawafula, magazi opita ku prostate amachepa tsiku loyamba lomwelo, maselo ambiri a prostate asanayambe kufa. Ngalande zimayamba kuphwa, mbewu n'kufota pambuyo. Ndipo ena mwa inu mukumwa kale mankhwala ogwira mbali imeneyi osadziwa: finasteride, amene amaperekedwa kwa bambo wa prostate yokula, amachepetsa mphamvu ya homoniyo m'kati mwa prostate, ndipo madokotala amawagwiritsanso ntchito pochepetsa kukodza magazi kochokera m'timitsempha ta prostate yotero.

Mitsempha yatsopano imadyetsa chotupa, komanso imachipatsa msewu. Khoma lochucha limene limatulutsa madzi limalowetsanso maselo a khansa m'magazi. Ena amalowa m'timitsempha ta madzi a m'thupi n'kukaima m'mwanabele wa m'chiuno. Koma khansa ya prostate imakonda mafupa koposa, makamaka a msana, a m'chiuno ndi a ntchafu. Mu 1940, Oscar Batson anaonetsa kuti mitsempha yobweza magazi kuchokera cha ku prostate imalumikizana ndi ina yoyenda m'mbali mwa fupa la msana, ndipo imeneyi ilibe tizitseko toletsa magazi kubwerera. Munthu akatsokomola kapena akadzikakamiza, magazi akhoza kukankhidwira kumeneko. Kale kwambiri, mu 1889, dokotala wa ku London, Stephen Paget, anali atanena kale mwaulimi kuti mbewu ikhoza kumwazika paliponse koma imamera pa nthaka yoiyanja. Mafuta a m'mafupa ndiyo nthaka ya khansa ya prostate. Ikafika kumeneko imayambanso ntchito yomwe ija yoitana mitsempha.

Apa ndipamene ambiri a kwathu kuno amaonekera kuchipatala koyamba. Bambo wa zaka 65 akudandaula msana. Akuti ndi khasu, akuti ndi njinga, akuti ndi mabelo a fodya amene ankanyamula ku esiteti ali mnyamata. Amwa panado, atemera mphini, apita kwa asing'anga. Koma ululu wa khasu umachepa munthu akagona. Ululu wa khansa m'fupa sulabadira kugona, umamudzutsa munthu pakati pa usiku, ndipo umakula mwezi ndi mwezi. Tsiku lina miyendo imachita dzanzi, imalemera, bambo akulephera kuimirira, mkodzo kapena chimbudzi zikutuluka osazimva. Pamenepo chotupa chapana mtsempha waukulu wa m'fupa la msana. Amayi, inu ndi amene mumaona zimenezi poyamba. Limenelo si la mawa. Pezani galimoto tsiku lomwelo, chifukwa miyendo ikafa masiku angapo kawirikawiri sibwerera.

Mwina wina akuti, ngati vuto ndi mthenga, bwanji osangomugwira mthengayo? Asayansi anaganiza chimodzimodzi. Gulu la Ferrara linapanga mankhwala otchedwa bevacizumab, amene amagwira VEGF isanafike ku timakutu tija. Mu 2004 analoledwa ku America pa khansa ya m'matumbo, Folkman akadali moyo. Iye anamwalira mu 2008. Mankhwala a mtundu umenewu anathandiza pa khansa ya impso, ndipo anathandiza kwambiri pa matenda ena a maso, kumene timitsempha tosafunika timamera kumbuyo kwa diso la okalamba kapena la odwala shuga. Aliyense ankayembekeza kuti pa prostate zikhalanso chimodzimodzi.

Sizinatero. Pa kafukufuku wamkulu wa ku America, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2012, amuna 1,050 a khansa ya prostate yofalikira anagawidwa pawiri. Onse analandira mankhwala a docetaxel, koma theka linawonjezeredwa bevacizumab. Olandira mankhwala owonjezerawo chotupa chawo chinachedwerako kukula, koma moyo wawo sunatalike mokhutiritsa: pafupifupi miyezi 22 ndi theka, poyerekeza ndi miyezi 21 ndi theka ya anzawo, kusiyana kochepa koti kukhoza kungochitika mwamwayi. Ndipo mavuto anachuluka, monga kuthamanga kwa magazi, kutaya magazi ndi kubooka kwa matumbo. Anayesanso ena a mtundu womwewo, aflibercept ndi sunitinib, ndipo nawonso sanatalikitse moyo. Chifukwa chimodzi ndi chija ndinati musunge. Mukatseka VEGF, chotupa chimabanika kwambiri, makalata amachuluka, ndipo chimatuma FGF, IL-8 ndi anzawo. Aliyense amene anayesapo kutseka madzi a mvula ndi thumba limodzi la mchenga akudziwa zimene madzi amachita.

Ndanena zimenezi mwadala, chifukwa kuno timakonda kuganiza kuti mankhwala enieni ali kunja, ndipo ife tikufa chifukwa tilibe ndalama zokawagulira. Pa zinthu zina n'zoona. Pa ichi chokha ayi: mankhwala okwera mtengo otseka mitsempha anayesedwa pa prostate ndi anthu a ndalama zawo, ndipo anakanika. Ndinenenso za amalonda. Ofufuza atapeza kuti chichereechere chili ndi zinthu zoletsa mitsempha kumera, ena anayamba kugulitsa ufa wa chichereechere cha shaki ngati mankhwala a khansa, ndipo analemera nawo. Utayesedwa bwinobwino pa odwala, sunathandize. Lero mabotolo a mtundu umenewo amafika kuno m'zikwama zochokera ku Joni ndi pa mafoni, olembedwa kuti amapha chotupa ndi njala. Mwana wanu akafuna kukutumizirani thandizo, muuzeni atumize ya thiransipoti yopitira kuchipatala.

Chimene chimagwira ntchito n'chakale. Mu 1941, Charles Huggins wa ku Chicago ndi wophunzira wake Clarence Hodges anaonetsa kuti kuchotsa testosterone kumabweza khansa ya prostate ngakhale itafika kale m'mafupa. Amuna amene anali chigonere ndi ululu anadzuka n'kuyenda. Huggins analandira Nobel mu 1966. Njira imeneyi imamana chotupa zinthu ziwiri pakamodzi, lamulo loti chikule ndi lamulo loti chiitane mitsempha. Masiku ano imachitika ndi jakisoni wa mwezi uliwonse kapena wa miyezi itatu, monga goserelin, kapena ndi opaleshoni yaing'ono yochotsa mbali ya machende imene imapanga homoniyo. Opaleshoniyo ndi ya kamodzi, siifuna kuti muzitsika phiri mwezi ndi mwezi, ndipo siidalira kuti mankhwala alipo kapena atha.

Sindikunamizani kuti n'zopepuka. Chilakolako cha m'banja chimachepa kapena kutha, thupi limatentha mwadzidzidzi ngati la mayi wosiya kusamba, mafupa amafooka pakapita zaka. Ndaonapo amuna akukana, akuti bola kufa ndili mwamuna. Ndimawamvetsa, ndipo chisankho n'chawo. Chimene ndimapempha n'chakuti asankhe mayi a kunyumba ali pomwepo, chifukwa kawirikawiri mayiwo akafunsidwa amayankha zosiyana ndi zimene bambo amaganiza kuti ayankha. Ndinenenso kuti njira imeneyi siichotseratu khansa yofalikira. Imaigoneka, mwina chaka chimodzi kapena ziwiri, mwa ena zaka zambiri, kenako maselo ena amaphunzira kukula popanda homoni ya m'machende. Pamenepo pamabwera docetaxel, abiraterone, makina owotcha fupa lopweteka, ndi mofini wakumwa, amene si mankhwala a munthu wotsala pang'ono kufa monga ena amanenera, koma oti munthu agone tulo ndi kudya nsima yake. Khansa imene imachiritsika kotheratu ndi imene yapezeka ikadali m'kati mwa prostate, pochita opaleshoni yoichotsa kapena poiwotcha.

Ndiye ingapezeke bwanji ikadali m'kati, poti ndanena kuti imakhala chete? Pali puloteni inanso imene prostate imatulutsa, yotchedwa PSA. Ntchito yake yeniyeni ndi kusungunula umuna kuti mbewu ziyende. Mwa munthu wabwinobwino yochepa chabe ndi imene imalowa m'magazi. Khansa ikasokoneza makoma a m'kati mwa prostate, yambiri imathawira m'magazi, ndipo ikhoza kuyezedwa. Koma PSA yokwera si chigamulo. Imakweranso prostate ikangokula ndi ukalamba, ikakhala ndi matenda a mkodzo, kapena munthu akangoikidwa kumene kapaipi. N'chifukwa chake pamafunikanso chala cha dokotala, chimene amuna timachiopa kuposa mkango chikhalirecho sichitha ndi mphindi imodzi yomwe, ndipo pomaliza kutapa kachidutswa kuti akakayang'ane ku labotale. Ndipo zikapezeka kuti ndi kadontho kaulesi kaja, nthawi zina dokotala wabwino amangoti tizikayang'anira, osakagwira.

Kwathu kuno kuli chinthu china chosokoneza. Ambiri mwa inu munakulira mukusamba m'mitsinje, ena munakhalapo asodzi ku Malombe kapena kunyanja yaikulu. Mukaona magazi mu mkodzo kapena mu umuna, mumati ndi likodzo, ndipo nthawi zambiri mumalondola. Ofufuza amene anayeza asodzi a m'mbali mwa nyanja m'boma lino la Mangochi anapeza mazira a likodzo mu umuna mwa ena a iwo, kusonyeza kuti tizilomboto timafika mpaka ku ziwalo zoberekera. Likodzo lokhalitsa limayambitsanso khansa ya chikhodzodzo, yomwe ndi ina, yosiyana ndi ya prostate. Choncho imwani praziquantel, koma ngati muli ndi zaka zopitirira 50 ndipo magazi akubwereranso mutamwa, musamwe kachitatu ndi kachinayi mukungodikira. Bwererani mukanene kuti mankhwala a likodzo ndinamwa, sizinasinthe. Ndipo poti wina anandifunsa panja paja: jando limateteza ku zinthu zina, n'zoona, koma prostate ili m'kati kumene mpeni wa ngaliba sufika.

Njira yake mukuidziwa. Muyambira pa chipatala chapafupi, kuno ku Namwera kapena ku Mulibwanji, iwo akutumizani ku chipatala cha boma ku Mangochi, ndipo zikafunika mupitirira ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Ku Lilongwe, pa Kamuzu Central, kuli tsopano chipatala cha dziko lonse cha khansa. Ndi ulendo wautali ndipo umadya ndalama, sindikubisa. Koma chiwerengero cha odwala chikukwera. Akatswiri amene anaunika nkhaniyi mu 2024 anati odwala atsopano pa dziko lonse adzachoka pa 1.4 miliyoni pa chaka mu 2020 kufika pa 2.9 miliyoni mu 2040, ndipo kukwera kwakukulu kudzakhala m'mayiko ngati lathu, kumene anthu ayamba kukhala ndi moyo wautali. Amuna akuda tili pa chiopsezo chachikulu kuposa ena: ku Britain amawerengera kuti mmodzi mwa amuna akuda anayi adzapezeka nayo pa moyo wake, pomwe mwa azungu ndi mmodzi mwa asanu ndi atatu. Ngati bambo anu kapena mchimwene wanu anadwala khansa imeneyi, chiopsezo chanu chimawirikiza pafupifupi kawiri, ndipo ndi bwino kuyamba kufunsa za kuyezetsa mukafika zaka 45. Ana anu amene ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town muwauze mbiri imeneyi pa foni, asamangomva kuti agogo anamwalira ndi msana.

Mashehe ndi abusa, ndili ndi pempho kwa inu. Pali abambo amene anasiya kubwera ku mzikiti kapena ku tchalitchi, osati chifukwa chikhulupiriro chazirala, koma chifukwa mkodzo ukudontha, kapena ali ndi kapaipi ndi thumba pansi pa mkanjo, ndipo akuona kuti sangakhale oyera pa swala kapena akuopa fungo pakati pa anzawo. Za malamulo a kutawaza kwa munthu wodwala chonchi mukuzidziwa ndinu, ine sindilowererapo. Koma mukazinena poyera tsiku Lachisanu kapena Lamulungu, osatchula munthu, bambo wotere adzadziwa kuti sali yekha, ndipo mwina adzalola kuti mwana wake amuperekeze kuchipatala.

Ndikuona a shehe akuyang'ana dzuwa, ndiye ndilekere pomwepa nthawi ya swala isatipitirire. Amene muli ndi mafunso oti onse amve, funsani tsopano. Amene funso lanu silingatuluke pamaso pa apongozi, mundipeza pansi pa mtengo wa mango uwo, ndikhalapo mpaka minibasi yomaliza yotsikira ku Mangochi.